Ndinathamangitsa Mpongozi Chifukwa cha Mungu wa Mchewere

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene muwerenge mawu awa. Dzina langa ndine Zuze. M'chaka cha 2016 ndinali ndi zaka 64, ndipo chaka chimenecho ndi pamene ndinayamba kudwala matenda amene achinyamata amawaseka kuti ndi chimfine chabe. Ine si munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekera sitandade 5. Abusa anandipempha kawiri kuti ndilembe umboni wanga, ndipo kawiri konseko ndinakana. Lero ndalemba chifukwa mchewere wayambanso kutulutsa ngala, ndipo mwina kwinakwake kuli munthu amene watsala pang'ono kulakwa monga ndinalakwira ine.

Ndinabadwira kwa Nyachikadza, m'dambo. Moyo wanga wonse ndinali msodzi wa mlamba ndi makakana. Kuchipatala ndinali ndisanagonepo, ndipo ndinkanyadira zimenezo. Madzi atasefukira n'kutenga nyumba ndi maukonde anga, mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anatiitanira kumtunda cha ku Ngabu natipatsa munda. Dothi la kumeneko ndi lakuda, lamakande, ndipo dzuwa lake limawotcha chimanga chisanabereke. Anthu amalima mapira, thonje ndi mchewere. Ine ndinasankha mchewere, mbewu imene ndinali ndisanaigwirepo ndi manja anga.

Chaka chomwecho mwana wanga mmodzi yekhayo wamwamuna, Maliko, anakwatira Firida, mwana wa mnzanga amene ndinkapalasa naye bwato limodzi kwathu. Maliko ankagwira ntchito yothirira nzimbe ku esiteti, ndipo kunyumba ankabwera kamodzi pamwezi. Firida ankakhala ndi ife. Choncho zinthu ziwiri zatsopano zinalowa pakhomo panga chaka chimodzi: mchewere ndi mpongozi.

Amene analimapo mchewere akudziwa kuti ukatulutsa ngala susiyidwa wokha. Mpheta zimabwera ngati utsi, ndipo zikapeza munda wopanda mlonda zimaumaliza. Munda wanga unali patali, ulendo wa maola awiri wapansi. Ndinamanga nsanja pakati pa munda, ndinazunguliza zingwe zokhala ndi zitini, ndipo m'mphepete ndinamanga msasa wogonamo. Kuyambira February mpaka kukolola, kwathu kunali kumeneko. Mkazi wanga, mayi a Maliko, amavutika ndi mawondo, ndiye ankatsala kunyumba ndi mbuzi. Firida ndiye ankabwera m'mawa uliwonse, kundiphikira pamsasa, kuika chakudya chapatali atagwada monga mwa ulemu wa mpongozi, kenako n'kupita kukaingitsa mbalame kumapeto kwa munda.

Sabata yoyamba pansanja ndinayamba kuyetsemula. Sikunali kuyetsemula kamodzi kapena kawiri ayi, koma kotsatizana mpaka nthiti kupweteka. M'mphuno munkatuluka madzi ngati mtsuko wong'aluka. Maso ankayabwa ngati wina wathiramo mchenga, ndipo ndikatikita ankafiira n'kutupa. Kukhosi kunkayabwa malo oti chala sichingafike. Malungo panalibe, thupi silinkatentha. Titakolola, zonse zinatha zokha, ine n'kuiwala.

Chaka chachiwiri zinabweranso, sabata yomweyo, koma mwamphamvu. Zikope zinatupa mpaka ndinkaona ngati ndikusuzumira pamng'alu wa chitseko. Chifuwa chinayamba, ndipo ndikapuma m'kati munkalira ngati mwana wa mphaka. Tsiku lina mlamu wanga anadzandiona kumunda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumene kunali Firida.

"Alamu, nkhope iyi si ya chimfine," anatero chapansipansi. "Akukuphikirani ndani kuno?"

Kwathu kuno tinakula tikumva za mdulo. Amati mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, wodya ndiwozo amatupa nkhope, chifuwa chimamugwira, ndipo mapeto ake ndi kumanda. Ndinakhala pansanja n'kuyamba kuwerengera. Miyezi khumi ndimadya za m'manja mwa mkazi wanga, ndili bwinobwino. Miyezi iwiri ndimadya za m'manja mwa Firida, ndikutupa. Maliko ali kutali ku esiteti. Ndipo masiku omwewo tinali titamva kuti Firida ndi woyembekezera. Kwa ine nkhani inali itatha.

Ndinali mkulu wa mpingo, wowerenga Mawu Lamulungu lililonse. Komabe ndinatenga mbuzi imodzi n'kupita kwa sing'anga mwakachetechete. Ndinamuuza maganizo anga ndisanamufunse ake, ndipo iye anangondibwezera zomwe ndinabwera nazo. Anandipatsa mizu yowawa, nati mwini mchere achoke pakhomo ngati ndikufuna moyo.

Ndinaitanitsa Maliko ndi ankhoswe a mbali zonse. Tinakhala pabwalo la nyumba yanga, ine nkhope ili yotupa kuti aliyense aone. Ndinanena mlanduwo mosazungulira. Firida anagwada, ndipo sanalire.

"Baba, mchere ndathiradi, chifukwa ndiwo sizidyeka zopanda mchere," anatero. "Koma mwamuna wina nkhabe. Sindikumudziwa."

"Ndiye chikunditupitsa n'chiyani?" ndinamufunsa.

Maliko anayang'ana mkazi wake, anayang'ana nkhope yanga, ndipo anakhulupirira nkhope yanga. Ndinawonjezanso mawu amene mpaka lero amandilemera: ndinati mimbayo si ya magazi athu. Anthu atabalalika, mayi a Maliko anandiuza kuti, "Bambo a Maliko, mwanayu mulibe naye umboni." Ine ndinati umboni ndi nkhope yangayi, ndipo asandiphunzitse. M'mawa mwake Firida anamanga zovala zake m'chitenje, anakwera njinga ya kabaza, ulendo wa kwa makolo ake kwa Nyachikadza.

Patapita masabata atatu tinakolola, ndipo ndinachira. Maso anatseguka, chifuwa chinaleka. Ndinayenda m'mudzi mutu uli m'mwamba, anthu akundiuza kuti ndinachita mwanzeru. Abale, palibe chinthu choopsa ngati kuchira pa nthawi yolakwika.

Chaka chachitatu ndinapita kumunda ndekha. Ndinatenga mchere wanga m'kabotolo, ndinkadziphikira ndekha, ndinkathira ndekha. Ngala zitangotuluka, ndinayamba kuyetsemula. Pasanathe masiku asanu nkhope inali itatupa monga kale. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kuganiza. Ine ndinati poizoni wa mkazi uja anatsalira m'magazi. Mbuzi yachiwiri inapita kwa sing'anga. Ndinadzifukiza masamba a nimu nditafunda bulangete mpaka thukuta kutuluka ngati mvula, koma potuluka m'bulangetemo ndinkayetsemulabe.

Maliko anabwera kumapeto kwa mwezi, nandipeza ndili pamsasa, maso atatsekeka. Anaima osakhala pansi.

"Baba, chaka chino wathira mchere ndani?"

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, mwana safunsa bambo ake choncho. Anatsekadi. Mwezi wotsatira anasiya ntchito ku esiteti n'kupita ku Joni. Poyamba ankaimbira amayi ake. Ndikapempha foni kuti ndilankhule, inkadulidwa. Kenako analeka kuimba.

Chaka chachinayi ndi chachisanu sindifuna kuzifotokoza kwambiri. Mlonda wa mbalame amafunika maso ndi mawu, ndipo ine zonse ziwiri ndinalibe. Ndinkakhala pansanja maso ali otseka, ndikumva mpheta zikudya thukuta langa mbali zonse. Ndikati ndikuwe, chifuwa chinkandigwira. Ndinkakoka zingwe za zitini mwachimbulimbuli, mbalame n'kumangosamukira ku ngala ina. Zokolola zinali zosadzaza ngakhale dengu lalikulu. Tinadya maungu ndi nyika, mizu ija ya m'madzi, ndipo mkazi wanga wa mawondo opweteka anakapempha ufa kwa mchimwene wake. Mbuzi yachitatu inapitanso kumene zinapita zinzake.

Kutchalitchi ndinasiya kuwerenga Mawu, chifukwa sindikanatha kumaliza vesi popanda kuyetsemula. Anthu anayamba kusiya mpata pabenchi imene ndakhala, poganiza kuti ndi chifuwa chachikulu. Ena ankanong'ona kuti mdulo uja sunali wa Firida, mwina unali wa m'nyumba mwanga momwe. Mayi a Maliko anamva zimenezo pachitsime. Anangoleka kudya nane mbale imodzi. M'nyumba tinatsala anthu awiri okalamba osalankhulana. Chaka chilichonse mvula ikayamba, anzanga ankasangalala, ine ndinkawerenga masabata otsala kuti ngala zituluke. Ndinafika pouza mlamu wanga malo amene adzandiike, ndi mphasa imene adzandikulungire. Kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero langa linali limodzi lokha, loti Mulungu alange amene anandichita zimenezi. Mulungu anakhala chete zaka zitatu.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, m'mwezi wa March, mame atangouma ndipo kamphepo katayamba kugwedeza ngala, chifuwa chinatsekeka. Ndinakoka mpweya, osalowa. Ndinagwa pansanja n'kufikira pakati pa mapesi. Ndili chigonere pamenepo, ndinapemphera pemphero lina limene ndinali ndisanapempherepo. Ndinati, Ambuye, ngati tsiku langa ndi lero, nditengeni, sindikana. Koma musanditenge ndisanadziwe chimene chikundipha, ndipo ngati wolakwa ndine, ndionetseni.

Mayi wina wa munda woyandikana ndi wanga anadabwa kuti zitini zanga zakhala chete pamene mbalame zadzaza. Anabwera kudzaona, anakuwa, ndipo amuna awiri anandikweza panjinga mpaka kuchipatala. Kumeneko anandiveka chophimba pamphuno chotulutsa nthunzi, ndipo mpweya unayamba kulowa. Ndinagona masiku atatu. Tsiku lachiwiri maso anatseguka. Tsiku lachitatu ndinali ngati munthu amene sanadwalepo.

Amene ankandiona anali dokotala wamkazi wamng'ono, msinkhu wake wa Firida. Poyamba sindinkafuna kuti andigwire. Iye sanasamale za nkhope yanga yolusa. Anakoka mpando n'kuyamba kundifunsa ngati wapolisi. Zimayamba mwezi uti? Zimatha mwezi uti? Miyezi imeneyo mumakhala kuti? Mumalima chiyani? Kwanu kudambo munkadwala chonchi? Nditayankha zonse, anapempha chipewa changa ndi jekete imene ndinabwera nditavala. Anayala pepala loyera patebulo n'kukutumula chipewacho pamwamba pake. Papepalapo panagwa fumbi losalala, lachikasu.

"Agogo, uwu ndi mungu wa mchewere," anatero. "Mdani wanu ndi ameneyu. Mwakhala mukugona naye zaka zisanu ndi chimodzi."

Anandifotokozera kuti ngala zikamachita maluwa zimatulutsa fumbi limeneli, mphepo n'kumaliuluza. Anthu ambiri siliwachita kanthu. Koma alipo ena amene thupi lawo limadana nalo, ndipo likangolowa m'mphuno ndi m'maso, thupi limayamba nkhondo. Matendawa sapatsirana, ndipo angathe kuyamba munthu atakula kale. Ine nsanja yanga ndinaimanga pakati penipeni pa munda, mphuno yanga ili mulingo umodzi ndi ngala, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Usiku ndinkatsamira jekete yomweyo.

Ndinafunsa funso limodzi lokha. Ndinati, "Nanga mchere?"

"Mchere wa chiyani, agogo?"



Zimene anandilangiza ndizilemba pano kuti zithandize wina. Anandipatsa timapiritsi tating'ono tomwa kamodzi patsiku, nati ndiziyamba kumwa kukatsala masabata awiri kuti ngala zituluke, osadikira kuti nditupe kaye. Anandipatsa kachipangizo kopopera m'kamwa chifuwa chikatsekeka, nati ndizikayenda nako m'thumba. Anati ndisamaime pakati pa ngala m'mawa mame akauma, chifukwa ndi nthawi imene mungu umauluka kwambiri. Ndikayandikira munda ndizimanga kansalu kophimba mphuno ndi pakamwa. Ndikachokako ndizivula zovalazo panja, kusamba kumaso ndi kumutu, ndipo maso ndisamatikite koma kuikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira. M'mphuno ndizitsukamo ndi madzi owiritsa, ozizitsa, othira kamchere pang'ono. Anamaliza ndi kunena kuti ngati n'kotheka ndilime mbewu ina.

Sindinakhulupirire msanga. Ndine munthu wouma mutu, ndipo kukhulupirira mtsikana uja kunali kuvomera chinthu chachikulu kuposa matenda. Nditafika kunyumba ndinakhala masiku anayi osapita kumunda, ndili bwino. Tsiku lachisanu ndinapempha mayi wa munda woyandikana uja kuti andithyolere ngala imodzi ya maluwa. Ndinakhala pakhonde, ndinaigwedeza pafupi ndi nkhope yanga. Wina asadzayese zimenezi, chifukwa zikanatha kundipha. Ndinayetsemula mpaka misozi, maso anafiira nthawi yomweyo, ndipo ndinathamangira kopopera kaja. Tsiku limenelo ndinali ndisanadye kanthu ka munthu aliyense. Mayi a Maliko anali chiimire pakhomo, akuona zonse. Anangoti, "Mwaona tsopano," n'kulowa m'nyumba.

Mulungu anali atayankha pemphero langa mbali zonse ziwiri. Anandionetsa chimene chinkandipha, ndipo anandionetsa wolakwa.

Madzi ataphwera m'mwezi wa May, ndinaganiza zopita kwa Nyachikadza. Ndinapempha mkazi wanga kuti tipitire limodzi. Anati, "Munanena nokha, mukapepese nokha." Ndinakwera minibasi mpaka ku Nsanje, ndinawoloka Shire pa mwadiya, bwato lathu lija la mtengo umodzi, nkhuku ili m'manja. Bambo a Firida, amene tinkagawana nsomba zaka makumi atatu, anandiona ndikubwera. Ndinatambasula dzanja, iwo anayang'ana kumbali. Komabe anandiyalira mphasa, naitana abale awo.

Pamaso pa onsewo ndinanena kuti ndinanama. Ndinati mwana wanu analibe mlandu, chinkandidwalitsa ndi mungu wa mchewere, ndipo ndinaipitsa dzina lake pachabe. Chiyambire kubadwa ndinali ndisanalankhulepo mawu otere kwa munthu.

Firida anabwera n'kukhala chapatali. Anali atakwatiwa ndi mwamuna wina wogulitsa nsomba, ndipo anali ndi khanda kumsana. Kumbuyo kwake kunabisala kamtsikana kosakwana zaka zinayi. Mphumi yake inali ya Maliko, makutu ake anali anga. Inali nthawi imene bango limachita maluwa m'dambomo, ndipo maso a mwanayo anali ofiira, akutikita mphuno ndi chikhatho monga momwe ndimachitira ine. Anayetsemula katatu motsatizana.

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa timapiritsi tanga, poganiza kuti mwina ichi chokha ndingapereke.

"Bwezani, baba, amenewo ndi a akuluakulu," anatero Firida. "Ali nawo ake a ana. Atayamba kutupa maso chaka chatha ndinapita naye kuchipatala. Ine sindinafunse kuti wathira mchere ndani."

Anadzuka, anakanditungira madzi akumwa, anagwada monga ankachitira kumunda kuja. Anandithokoza m'chilankhulo chakwathu kudambo, anati, "Takhuta pobwera. Ndakukhululukirani, chifukwa nanenso ndimapemphera. Koma mwanayu ali ndi bambo amene anamulandira." Nkhuku analandira. Dzina la mwanayo sanandiuze, ndipo ine ndinalibe nkhope yofunsira.

Kwa Maliko ndinatumiza uthenga kudzera pa foni ya abusa. Ndinanena zonse, sindinabise kanthu. Abusa akuti foni ikuonetsa kuti anawerenga. Papita zaka, yankho silinabwere.

Lero ndimapuma bwino. Mchewere ndinausiya, ndimalima thonje ndi khobwe. Minda ya anzanga imachitabe maluwa, ndiye January akamatha ndimayamba timapiritsi tanga, ndimayenda ndi kansalu kanga, ndipo njira yodutsa m'michewere ndimailambalala ngakhale italike. Nthawi zina ndimayetsemulabe, koma nkhope siitupa, ndipo pansi sindinagwenso. Kutchalitchi ndinayambiranso kuwerenga Mawu. Mayi a Maliko anayambanso kudya nane, ngakhale nkhani zathu ndi zochepa.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa sananditenge ndili m'bodza. Ndikuthokoza mayi amene anamva kuti zitini zakhala chete, ndi dokotala wamng'ono uja amene anakutumula chipewa changa. Ndikuthokoza Firida chifukwa cha madzi amene anandipatsa.

Kwa inu amene mukudwala matenda obwera ndi nyengo, musataye mtima, ndipo musasiye kupemphera. Koma pempherani kuti muone, osati kuti wina alangidwe. Onani mwezi umene mumayamba ndi mwezi umene mumachira, onani chimene chikuchita maluwa pafupi nanu, ndipo pitani kuchipatala musanaloze munthu chala. Pirirani, Mulungu amayankha. Kwa ine anayankha, koma ndinachedwa kufunsa funso loyenera, ndipo chimene chinapita m'zaka zimenezo sichinabwerere.

Ndinataya mbuzi zitatu. Ndinataya zokolola za zaka zitatu. Ndinataya mnzanga mmodzi wa m'bwato. Ndinataya mpongozi mmodzi amene sanandilakwire. Ndinataya mwana mmodzi wamwamuna, wamoyo koma wosalankhula nane. Ndinataya mdzukulu mmodzi, amene dzina lake sindikulidziwa.